Thonje ndi lathu, nanga maluwa a pa chitenje ndi a yani?

Tengani chitenje chilichonse chimene chili m'nyumba mwanu, muyang'ane m'mphepete mwake ndi kuwerenga timawu timene timalembedwa pamenepo. Mupeza dzina la fakitale kapena la kampani yoitanitsa katundu. Zitenje zambiri zimene zadzaza ku Kapata, ku Saturday Market ndi m'masitolo a ku Down Shops zimadindidwa kutali, monga ku China, ku India ndi ku Tanzania. Dzina la munthu amene anajambula maluwa ake simulipeza, ndipo n'zokayikitsa ngati munthuyo anapondako kuno ku Chipata. Chonsecho chitenje chomwecho timachitcha chovala cha kwathu. Timapita nacho ku Nc'wala ku Mtenguleni ndi ku Kulamba ku Mkaika, timabereka nacho ana, ndipo pamaliro mzimayi sangafike osachimanga m'chiuno.

Mfundo yanga ndi iyi: ndalama yeniyeni ya nsalu ili pa chojambulacho, ndipo ife achinyamata a kuno tikuisiyira anthu ena pamene maso ndi manja tili nawo.

Tiyambire kumunda. Chigawo chathu cha Kum'mawa ndicho chimadziwika ndi ulimi wa thonje mu Zambia. Kuyambira pamene boma linagulitsa kampani ya Lintco mu 1994, alimi ambiri amalima pa ngongole: kampani imapereka mbewu ndi mankhwala, mlimi amabzala, kupalira, kupopera ndi kutola, ndipo pa sikelo kampani imayamba yadula zake. Thonjelo likachotsedwa njere limamangidwa m'mabelo, lambiri n'kutuluka m'dziko. Kunjako amalipota, kuliluka, kulidinda maluwa, kenako nsalu imabwera kuno pa mtengo umene mlimi yemwe uja amauganizira kawiri asanatulutse chikwama. Mlimi amalipidwa kamodzi pa kilo, ndipo chaka chamawa ayenera kulimanso. Mwini chojambula amadinda duwa lomwelo pa nsalu zikwizikwi, zaka ndi zaka, ndalama zikulowa.

Ena amaganiza kuti kupanga nsalu ndi nzeru ya alendo. Makolo athu ankasula nyanda kuchokera ku makungwa a mitengo monga mombo, kumenya mpaka khungwa litafewa n'kukhala chovala. David Livingstone atafika kwa Amang'anja a m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza anthu akulima thonje, kulipota ndi kuluka nsalu zawo. Ntchito imeneyi inazilala nsalu za m'mafakitale a kunja zitasefukira, koma luso linalipo.

Mbiri ya chitenje chodinda nayonso ili ndi phunziro. Njira yojambula ndi phula pa nsalu ndi ya ku Java, m'dziko la Indonesia. Anthu a ku Netherlands anaitengera n'kuyamba kuichita ndi makina, ndipo msika waukulu anakaupeza kumadzulo kwa Africa. Kampani ya Vlisco, yomwe inayamba mu 1846 m'tauni ya Helmond, ikugulitsabe nsalu zimenezi mpaka lero. Koma amene anazipatsa moyo ndi azimayi a m'misika. Iwo ndiwo ankapatsa mayina maluwa a nsalu, iwo ndiwo ankadziwa mtundu umene uyende ndi umene ugone pa shelefu. Ku Lomé m'dziko la Togo, azimayi ogulitsa nsalu analemera mpaka kutchedwa Nana Benz chifukwa cha magalimoto a Mercedes-Benz amene ankayendera. Sanalime thonje, sanakhale ndi fakitale. Chuma chawo chinali kudziwa chimene diso la mzimayi mnzawo likufuna.

Kuno kwathu nkhani ya nsalu ikayamba, msanga timathamangira ku Kabwe. Fakitale ya Mulungushi Textiles, yomangidwa ndi thandizo la China, inayamba ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndipo inaima mu 2007, salaula ndi nsalu zotchipa za kunja zitadzaza kale m'misika. Malonjezo oitsegulanso tawamva kuchokera ku maboma osiyanasiyana. Fakitale ndi yofunika, palibe wokana. Komabe ngakhale makina a ku Kabwe atamalira usana ndi usiku, funso langa litsalabe pomwepo: adzajambule maluwawo ndani? Ngati tidzangokopera zimene ena anajambula kale, tidzakhala tikupikisana ndi China pa kutchipa, ndipo mpikisano umenewo sitingaupambane.

Umboni woti ntchitoyi ingachitike popanda makina akuluakulu uli pafupi, ku Mfuwe, makilomita pafupifupi 130 kuchokera ku Chipata. Kumeneko kuli malo otchedwa Tribal Textiles, amene mayi Gillie Lightfoot anayambitsa mu 1991. Anthu a m'midzi yozungulira amajambula nsalu ndi manja, ndipo njira yake mwana wa giredi seveni angaimvetse. Amakanda ufa wa tirigu ndi madzi kukhala ngati phala, n'kujambula nalo mizere pa nsalu yoyera ya thonje. Nsaluyo amayanika padzuwa kuti phala liume. Akatero amapaka utoto ndi burashi m'mipata ya mizereyo, kuiwotcha mu uvuni kuti utoto ugwire, kenako kuichapa ndi kupala phala lija. Pamene panali phala pamatsala mizere yowala yozungulira chojambulacho. Pa nsalu zimenezi amasoka zoyala pa tebulo, zofunda pa bedi, zovekera mapilo, zikwama ndi zopachika pa khoma, ndipo zimagulidwa ndi alendo odzaona nyama ku South Luangwa komanso kutumizidwa kunja kwa dziko.

Ufa, madzi, dzuwa, utoto ndi dzanja lodziwa kujambula. Pa zinthu zisanuzi, chimene sichipezeka ku Kapata kapena ku Mchini ndi chiti?

Wina anena kuti ku Mfuwe zimayenda chifukwa kuli azungu okhala ndi madola, pamene ife kuno tili ndi anthu ogula malaya a salaula atanenerera mpaka wogulitsa atatopa. Pali choona pamenepo. Msika wodalira alendo umagwa alendowo akasiya kubwera, monga zinachitikira mu 2020 ndege zitaima chifukwa cha Covid-19. Ndiye tiyeni tiwerenge msika umene sudalira ndege. Pa kicheni pate iliyonse komiti imasankha chitenje chimodzi choti onse asoketse. Makwaya, amayi a Dorika, amayi a Chigwirizano, magulu a banki m'mudzi, onse amafuna yunifomu. Ukwati uliwonse uli ndi operekeza ofuna kufanana. Malo ogona alendo ndi odyera mu Chipata amafuna makatani ndi zoyala pa tebulo. Ndipo pa Mwami, pamene chipata chimodzi chogwirira ntchito maiko awiri chinatsegulidwa mu December 2022, pamadutsa anthu opita ku Mchinji ndi ku Lilongwe amene amavala ngati ife ndi kulankhula ngati ife. Ndalama zogulira nsalu zikutuluka kale m'matumba mwathu mwezi ndi mwezi. Zikungolowera kolakwika.

Za mtengo, tisanamizane. Nsalu yojambula pamanja singatchipe ngati yodinda pa makina, chifukwa munthu amathera masiku pa mamita ochepa. Sindikunena kuti titaye salaula, ambiri a ife ndiyo imativeka. Ndikunena za chovala chimodzi chija cha tsiku lalikulu, chimene timasungira ndalama miyezi itatu. Mnyamata amene amalipira bwino nsapato yokhala ndi dzina la kampani ya ku America, akudziwa kuti ndi yabodza, angathenso kulipira shati imene palibe wina ali nayo mu Chipata monse.

Vuto lalikulu lili pa mmene timaonera anthu ogwira ntchito ya nsalu. Woimba timamutcha katswiri, wojambula zithunzi ndi kamera timamupatsa ulemu, koma mtsikana amene amathera tsiku akusakaniza utoto kapena kupeta timati akungodzitangwanitsa podikira ntchito yeniyeni. Kwa telala timapita ndi chithunzi cha pa foni n'kunena kuti, "Mundisokere ngati iyi." Akatiuza maganizo ake timakana, akatchula mtengo timadula pakati, chovala chikatha timatenga pa ngongole. Munthu wochitidwa chonchi sangayese zatsopano. Amangokopera, chifukwa kukopera ndiko kumene timamulipira.

Ku Burkina Faso, Thomas Sankara atalamulira kuyambira 1983 mpaka 1987, anakakamiza ogwira ntchito m'boma kuvala Faso Dan Fani, nsalu yolukidwa pamanja kuchokera ku thonje la m'dzikomo. Oluka anapeza msika, ndipo nsaluyo ndi chonyadira cha dzikolo mpaka lero. Ife sitikufunika lamulo lokakamiza. Komiti imodzi ya ukwati, kwaya imodzi, sukulu imodzi yofuna nsalu ya tsiku la mphoto, ikhoza kupita kwa wojambula wa m'komboni mwawo m'malo mopita ku sitolo.

Kwa inu amene muli ndi dzanja, pali zinthu zingapo zoyenera kuziganizira.

Jambulani zimene mukuzidziwa. Njovu ndi kadyansonga zili ndi ogula ake ku Mfuwe. Mu tauni muno muli njinga zosenza makala m'mamawa, phiri la Kanjala, nsawa za Chalimbana, chishango ndi nthungo za Angoni, lichero, mtondo ndi munsi, mbewa pa mpani. Munthu wa kuno amene ali ku Lusaka kapena ku Johannesburg akaona zotere pa nsalu, mtima umathamangira kwawo, ndipo dzanja limalowa m'thumba. Zina n'zofunika kusamala nazo. Za Gule Wamkulu zili ndi eni ake ndi malamulo ake, choncho funsani akuluakulu musanaziike pa nsalu yoti munthu akhalire.

Lembani dzina lanu m'mphepete mwa nsalu iliyonse, pamodzi ndi chaka. Fakitale imachita zimenezi chifukwa imadziwa kuti dzina ndilo limabweretsanso wogula. Chojambula chikayamba kuyenda malonda, kachilembetseni ku PACRA, bungwe lomwe limalembetsa makampani komanso maonekedwe a katundu, kuti wokopera mudzakhale ndi pomugwirira.

Werengani mtengo moona: nsalu, utoto, makala kapena magetsi, ndi masiku anu. Ambiri amaiwala kuwerengera masikuwo, n'kumadabwa kuti katundu akuyenda koma mpamba ukutha. Ndipo yesani utoto wanu pochapa kangapo musanagulitse, chifukwa nsalu imodzi yosuluka pa chingwe cha neba imathamangitsa ogula khumi.

Gwirizanani. Mutu umodzi susenza denga. Wojambula, telala ndi wodziwa kutsatsa akakhala pamodzi akhoza kulandira oda ya anthu makumi asanu imene mmodzi sangaithe. Kuyambira 2022, pamene thumba la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, muli gawo la maphunziro a ntchito zamanja ndi la magulu a achinyamata ndi azimayi. Magulu ambiri amapempha nkhuku ndi mbuzi. Palibe choletsa gulu lanu kupempha matebulo, utoto ndi makina osokera.

Enafe amene sitidziwa kugwira burashi tili ndi mbali yathu. Nyengo ya maukwati ikafika, komiti idzakhala pansi kusankha chitenje, ndipo wina adzatulutsa foni kuonetsa zimene zafika kumene m'sitolo. Pamenepo funsani ngati m'dera lanu mulibe munthu wojambula nsalu. Mukamupeza, mufunseni mtengo, mumupatse nthawi yokwanira ndi theka la ndalama poyambira, ndipo tsiku la ukwatilo anthu akafunsa kumene mwagula, mutchule dzina lake.