Chomata cha i7 sichikoka ngolo

Pa Manjawira, m'mbali mwa msewu wa M1 wopita ku Zalewa ndi ku Blantyre, laputopu inasiya kale kukhala yachilendo. Ili patebulo la mnyamata wobena nyimbo, ili m'chikwama cha aphunzitsi, ndipo ili pamndandanda wa zofunika wa mwana amene wasankhidwa kupita ku MUBAS kapena ku MUST. Chodabwitsa ndi kagulidwe kake. Bambo amene sangalipire mbuzi asanaigwire msana amatumiza ndalama ku Limbe atangomva mawu awiri pafoni: "i7" ndi "graphics".

Mawu awiriwa adya ndalama za anthu mokwanira.

Pulosesa ndiye mwini ntchito m'makinamo. Ndi imene imatsegula Word, kuwerengera mu Excel ndi kunyamula masamba a intaneti. Graphics ndi mbali yojambula zimene maso akuona pagalasi. Ilipo yokhala m'kati mwa pulosesa momwemo, ndipo ilipo yapadera, kachipangizo ka Nvidia kapena AMD kokhala ndi memori yakeyake. Wa ndalama zochepa sangapeze zonse ziwiri zamphamvu, ayenera kusankha. Ndipo kwa anthu ochuluka a pa Manjawira, ndalama iyenera kupita ku pulosesa ya m'badwo waposachedwa, graphics yapadera n'kuisiya pashelefu.

Ogulitsa amadziwa kuti 7 amaoneka wamkulu kuposa 5, ndiye amaloza chomata chija. Chimene satchula ndi m'badwo. Core i7-7500U ya mu 2016 ili ndi ma core awiri okha, pomwe Core i5-8250U ya mu 2017 ili ndi anayi. Ndi ngolo ziwiri, ina yokokedwa ndi ng'ombe ziwiri, ina ndi zinayi, koma wogula akuthamangira ya ng'ombe ziwiri chifukwa yapakidwa penti wowala. M'manambala ngati amenewa, m'badwo ndi nambala yoyamba pambuyo pa kamzere: 7 kapena 8. Kusiyana kwake sikuthera pa liwiro. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imalandira mwalamulo mapulosesa a Intel kuyambira m'badwo wa 8, kupatulapo ochepa chabe. Maofesi akunja akamachotsa makina akale otere, ena amathera m'mashopu a kuno, opukutidwa bwino, chomata chikuwala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ku graphics ndiye kuli chinyengo chachikulu. Malaputopu ambiri akaunjika okhala ndi chomata chobiriwira cha Nvidia amanyamula GeForce 940MX kapena MX130, tizipangizo tofooka timene Iris Xe, yokhala m'kati mwa Core i5 ya m'badwo wa 11, imatiposa popanda thandizo lililonse. Ngakhale Vega 8 ya mu Ryzen 5 3500U imayenda nato limodzi. Munthu walipira ndalama yowonjezera kuti agule chinthu chimene pulosesa yatsopanoko ikanamupatsa chaulere.

Nanga graphics yeniyeni, monga GTX 1650? Mphamvu ilipodi, koma imadya. Laputopu wamba imakhuta ndi chaja ya mawati 45 kapena 65. Ya magemu imafuna 120, ina 150, ndipo batire lake silichedwa kutha. Amene anakhala mu mdima namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022 safunika kuuzidwa tanthauzo lake. Pakhomo podalira sola yaing'ono, chaja yotereyi ikulimbirana batire limodzi ndi mababu komanso mafoni a anthu onse a m'nyumbamo. Onjezani kutentha kwa mu October ndi fumbi la pamsewu lolowa m'fani. Kachipangizo ka graphics kamakhala kowotcherera pa bodi. Kakapsa, sikuchotsa n'kuika kena ngati batire la tochi. Nthawi zambiri bodi yonse yapita.

Mnyamata wobena nyimbo uja ndi chitsanzo chabwino, poti ndi amene amanyengeka msanga. Tsiku lonse ntchito yake ndi kukopera nyimbo ndi mafilimu omasuliridwa m'Chichewa m'mamemori kadi a makasitomala, wina ali chilili kudikira kuti akwere minibasi. Pamenepo graphics ingogona tulo. Chomuthandiza ndi disiki yaikulu, mapoti a USB 3.0 ndi batire losunga moto magetsi akathima. Aphunzitsi olemba mayeso ndi wophunzira wolemba ma assignment ali m'gulu lomwelo.

Alipo oifunadi graphics, ndipo sibwino kuwanamiza. Wojambula maukwati amene amakongoletsa mavidiyo ndi zoonjezera zambiri, kapena wophunzira zomangamanga wojambula nyumba mu 3D, akagula makina ofooka adzalira. Koma amenewo si makina otchipa. Kuyambira pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chogulidwa ndi madola chinakwera, ndipo wogulitsa wolonjeza laputopu ya magemu pamtengo wa laputopu ya muofesi pali chimene akubisa. Wa mavidiyo wokhala malo amodzi angachite bwino kuganizira desktop, imene graphics yake imasinthika.

Kuthawa chomata cha i7 sikutanthauza kugwera m'dzenje la mbali inayo. Kuli malaputopu atsopano m'katoni, onunkhira pulasitiki, a Celeron N4020, RAM ya 4GB ndi malo osungira a 64GB. Windows yokha imadya gawo lalikulu la malowo, ndipo masamba angapo a Chrome amakwanira kuwaimitsa. HP EliteBook 840 G5, Lenovo ThinkPad T480 kapena Dell Latitude 5490 ya m'badwo wa 8, ngakhale yakaunjika, imawasiya kutali. Ndalama imene ikanapita ku chomata cha Nvidia igule RAM yofika 8GB ndi SSD. RAM ikakhala tizidutswa tiwiri m'malo mwa kamodzi, graphics ya m'kati ija imathamanga bwinoko, chifukwa imabwereka memori komweko. Ogulitsa ochepa amatchula zimenezi, mwina poti phindu lake kwa iwo ndi lochepa.

Kutsimikiza sikufuna katswiri. Wogula, kapena m'bale wake wotumidwa ku Limbe, ayatse makinawo, adine Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi, pa windo limene litseguke asankhe Performance, awerenge dzina lonse la pulosesa, kuchuluka kwa RAM, ndi ngati disiki ili SSD. Kenako azule chaja, aisiye laputopuyo ikuonetsa filimu kwa theka la ola, aone kuti batire latsika bwanji ndipo pansi patentha motani. Wogulitsa akayamba kuthamangitsa kuti kukubwera kasitomala wina, shopu yotsatira ili pakhomo lachiwiri.