Nsomba zikafa kawiri m'dziwe limodzi, yang'anani m'matope

Abale anga a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, pali dandaulo limene likumveka kawirikawiri pakati pa oweta nsomba. Munthu akuti nsomba zake zinadwala n'kufa, iye n'kukagula mbewu ina, koma mwezi usanathe nazonso zayamba kudzikhula kuzipupa za dziwe ndi kuyandama. Ena afika poganizira mnansi kuti anaponyamo mankhwala usiku. Tisanathamangire kwa amfumu, tiyeni tiyambe taona chimene chagona pansi pa dziwelo.

Nthenda imodzi yofala ndi ya timadontho toyera, tooneka ngati nsomba yawazidwa mchere. Kachirombo kake kamalowa pansi pa khungu ndi m'makha momwe nsomba imapumira, ndipo kali mmenemo mankhwala sakapeza. Kakakhuta kamagwera pansi n'kudzikuta m'kathumba. M'kathumbamo kamagawikana mpaka kukhala tiana mazanamazana, tsono tikatuluka timasaka nsomba ina. Madzi akakhala ofunda, ulendo wonsewu sutha sabata, koma m'chisanu chathu chino cha Juni ndi Julaye umatenga masabata angapo. N'chifukwa chake mwini dziwe amayesa nthenda yatha, chikhalirecho ikungodikira. Nsabwe za nsomba nazo, zija zaphwatalala zooneka ndi maso, zimaikira mazira pamiyala, patimitengo ndi paudzu wa m'madzi. Muvuule nsomba zonse, mazirawo atsala.

Ngakhale anzathu a mumzinda wa Tete osunga tinsomba tofiira m'bokosi la galasi pabalaza, tija tongoonera tosalowa mumphika, amalira ndi nthenda yomweyi. Iwo ntchito yawo n'njapafupi: kutaya madzi ndi timiyala, kutsuka galasi ndi javel wosungunula, kutsukuluza kangapo, kuyanika. Nanga ife dziwe tingalinyamule? Javel wathu ndi dzuwa ndi laimu.

Poyamba phwetsani madzi onse, ndipo ndikati onse ndikunena onse. Tiana ta kachirombo kaja tikasowa nsomba timafa m'masiku awiri okha, koma kansomba kamodzi kotsala m'chithaphwi cha pakona n'kokwanira kusunga nthenda mpaka mbewu yatsopano ifike. Amene maiwe awo ali padambo pomwe madzi amatumphuka okha, akape ndi ndowa. Onetsetsaninso kumene madziwo akulowera. Akatsikira m'dziwe la mnzanu wa kumunsi, mlandu wa kwa amfumu uja udzakhala wanu. Nsomba zakufa zikwirireni m'dzenje kutali ndi mtsinje. Zulani udzu, tolani miyala ndi timitengo, zikagone padzuwa.

Pa nkhani ya laimu mpamene ambiri amataya ndalama. Laimu alipo wamitundu iwiri. Wa m'munda uja, wa miyala yopera, amangochepetsa kuwawasa kwa nthaka, tizirombo sapha. Wofunika pano ndi wootcha, yemwe timapaka zipupa za nyumba. Muwaze matope akadali onyowa, chifukwa pa dothi louma sagwira ntchito. Muyezo wake ndi magalamu 100 mpaka 200 pa malo otalika mita imodzi mbali zonse. Kunena kwake, dziwe la mamita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali lifuna makilo 20 mpaka 40, ndipo m'malo osauma aja muwonjezere. Zipupa za mkati musaziiwale. Laimu ameneyu amatentha khungu ndi maso, choncho valani nsapato, mangani nsalu kumphuno, mphepo ikhale kumsana kwanu. Ana, mbuzi ndi abakha asayandikire.

Mukatero lisiyeni dziwelo masabata awiri kapena kuposa, mpaka matope atang'aluka. Ntchito imeneyi imakoma mu Seputembala ndi Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mvula isanagwe. Ndikudziwa kuti kuona dziwe lili gwaa mtima umawawa, maka kwa amene anakongola ndalama za mbewu. Koma mbewu yogula kachitatu n'njodula kuposa thumba la laimu. Pothiranso madzi, mangani kansalu ka neti pakamwa pa ngalande kuti tinsomba ta mumtsinje tisalowe. Thirani manyowa, dikirani madzi abiriwire, ndiye mubweretse nsomba.

Chotsala ndi ukonde. Kumudzi timabwerekana, ndipo n'chinthu chabwino, koma ukonde wonyowa umayenda ndi nthenda kuchoka dziwe lina kupita lina. Kutsidya kwa malire, m'boma la Mchinji, mu 2020 munabuka nthenda ya zilonda pa nsomba za mumtsinje wa Bua ndi m'maiwe. Imeneyo ndi nthenda ina, yochokera ku nkhungu ya m'madzi, koma nayonso imakwera maukonde, ndowa ndi nsomba zosamutsa. Ukonde wobwereka uzigona padzuwa mpaka uume gwa usanakhudze madzi anu, ndipo pobweza muchite chimodzimodzi.

Mbewu yatsopano nayo isalowe chilowerelowere. Sungunulani magalamu 200 a mchere m'malita 10 a madzi, muviikemo tinsombato mphindi 10, maso ali pomwepo. Tikayamba kugona chammbali tichotseni msanga. Madzi amene tabwera nawo kwa wogulitsa muwakhuthule pamtunda, osati m'dziwe.