Dziwe silingalowe m'malo mwa mtsinje



Ine ndinakulira ku Mufakose, mu Harare. Agogo anga aamuna anachoka ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1950 kudzafuna ntchito mu Salisbury, ndipo mpaka tsiku lawo lomwalira sanavomere kuti zimene tinkagula ku Mbare Musika zinali nsomba zenizeni. Kwa iwo nsomba inali mpasa wa mumtsinje wa Bua. Ine sindinalawepo mpasa, ndinangolandira dzina lake ngati chuma chamasiye. Posachedwapa pamaliro ena kuno, bambo wina amene anali atangobwera kuchokera kumudzi anatiuza kuti nsombayi ikusowa, ndipo mnzake anayankha mosavutika kuti: “Aboma angoswetsa mazira ake m'maiwe n'kukathira ana mumtsinje, nkhani yatha.” Ambiri anagwedeza mitu kuvomera. Ine ndikutsutsa, ndipo zifukwa zanga ndi izi.

Mpasa ndi nsomba ya m'nyanja ya Malawi yokha ndi mitsinje yothira m'nyanjayo. Imakulira m'nyanja, koma nyengo yoswana ikakwana imakwera mitsinje monga Bua, Linthipe, North Rukuru ndi Songwe, kukaikira mazira pa timiyala ta m'madzi oyera, othamanga. Ana amayamba akhala mumtsinje momwemo, kenako n'kutsikira kunyanja. Chifukwa cha ulendo umenewu Angerezi anaitcha salmon ya m'nyanja, ngakhale kuti pa chibale ili pafupi ndi usipa ndi sanjika. Chikuipha n'chodziwika. Mitengo ya m'mbali mwa mitsinje yadulidwa, anthu akulima mpaka m'gombe, ndipo dothi lokokoloka likukwirira timiyala toikirapo mazira. Pakamwa pa mitsinje pamatchingidwa ndi maukonde ndi mabiyo nthawi imene nsomba zikukwera zili ndi mazira m'mimba, ndipo ena amathira katupe m'madzi. Ntchila, yomwe inkadzaza mabwato m'zaka za m'ma 1950, inagwa mwa njira yomweyi, ndipo sinabwererenso mmene inalili.

Tsono funso n'lakuti: mwa zonsezi, n'chiti chimene malo oswetsera nsomba angachiritse? Sangachotse matope pa timiyala, sangadzale mtengo, sangazule ukonde pakamwa pa mtsinje. Ana a nsomba othiridwa mumtsinje wodwala amakafa ndi matenda omwewo amene anapha makolo awo.

Anzathu a ku America anayesa njira imeneyi kwa nthawi yaitali. Mumtsinje wa Columbia anayamba kuswetsa salmon m'zaka za m'ma 1870, ndipo atamanga madamu aakulu monga Grand Coulee, amene anatsekera nsomba njira, anaonjezera malo oswetserawo polonjeza kuti alowa m'malo mwa mtsinje wotayikawo. Lero nsomba zambiri zobwerera mumtsinjewo n'zoswetsedwa ndi anthu, pamene magulu angapo a salmon zachilengedwe ali pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi. Kafukufuku amene Hitoshi Araki ndi anzake anafalitsa mu 2007, wa nsomba za steelhead mumtsinje wa Hood ku Oregon, anapeza kuti mbadwo uliwonse woleredwa m'thanki umachepetsa ndi pafupifupi 40 peresenti mphamvu ya nsombazo yobereka bwino zikabwerera kumtsinje. Chifukwa chake n'chomveka. M'thanki mumapulumuka nsomba yopirira kuthinana ndi yozolowera chakudya chogwa kuchokera m'dzanja la munthu, pamene mumtsinje mumapulumuka yodziwa kubisala, kusaka ndi kusankha poikira mazira. Ziwirizi zikakwatirana, kufooka kwa yam'thanki kumalowa m'magazi a yamumtsinje. Komanso ana zikwizikwi ochokera kwa makolo ochepa amakhala ngati mudzi wonse wa mimba imodzi: nthenda imodzi ikhoza kuwasesa onse.

Koma sitifunika kupita kutali chotero, pakuti ife a kuno tili ndi umboni pakhomo. Nsomba imene m'Harare timangoitcha bream, yogulitsidwa m'mabakete m'misewu ya Mufakose, Highfield ndi Dzivarasekwa, nthawi zambiri ndi tilapia ya ku Nile, yomwe si yachilengedwe m'chigwa cha Zambezi. Inabwera kudzawetedwa chifukwa imakula msanga. Ku Kariba inathawa m'malo owetera m'zaka za m'ma 1990, n'kufalikira m'nyanjamo, ndipo bream ya komweko, imene akatswiri amaitcha Oreochromis mortimeri, yachepa kwambiri moti bungwe la IUCN linaiika m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu. Palibe amene anakonza zoipha. Kusefukira kwa madzi kamodzi, kapena ukonde umodzi wong'ambika, n'zokwanira, ndipo madzi akatayika saoleka.

Nyanja ya Chivero, imene inamangidwa pa mtsinje wa Manyame mu 1952 ndipo ndiyo imamwetsa Harare, ikutiphunzitsa mbali ina ya nkhaniyi. Mtsinje wa Marimba, wodutsa kufupi ndi kwathu, ndi wa Mukuvisi imatengera m'nyanjamo zonyansa za m'tauni. Mu Disembala 2024 madzi anaipa ndi ndere zaululu, nsomba zinayandama zakufa, zipembere zinayi za m'nkhalango ya m'mbali mwa nyanjayo zinafa zitamwa madziwo, ndipo usodzi unaletsedwa. Ngakhale tilapia ya ku Nile, yotchuka ndi kupirira, inalephera. Munthu angathiremo ana a nsomba ochuluka bwanji, madzi akakhala akupha, akungodyetsa manda.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu munganene, ndipo sindikuzipeputsa. Anthu akufuna ndiwo lero, osati mawa. Chambo chakwera mtengo moti mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja yomweyo sachikwanitsa. Alimi a nsomba ku Malawi amadandaula kuti makumba ndi chilunguni zimakula pang'onopang'ono, pamene anzawo a ku Siavonga ndi ku Kariba akupanga ndalama ndi tilapia ya ku Nile. Dandaulo limeneli n'loona. Ine sindikudana ndi ulimi wa nsomba; dziwe la pamudzi limadyetsa ana ndipo limachepetsa anthu othamangira kunyanja. Ndikungoti tisasokoneze ntchito ziwiri. Kuweta nsomba kuti tidye ndi ulimi. Kusunga mtundu wa nsomba mumtsinje wake ndi ntchito ina, ndipo imachitikira pamtsinjepo.

N'chifukwa chake ndikuti dziko la Malawi linachita bwino pamene linaletsa kuweta carp kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndiponso pamene lamulo la zausodzi la 1997 linaletsa kulowetsa nsomba zachilendo popanda chilolezo. Ntchito ya malo ngati Domasi ikhale yosankha ndi kukonza mbewu ya nsomba zathu zomwe kuti zizikula msanga. Koma lamulo la dziko limodzi silikwanira, pakuti nyanjayi ili ndi magombe ku Mozambique ndi ku Tanzania, ndipo mu 2013 akatswiri analengeza kuti apeza tilapia ya ku Nile m'madera a ku Tanzania amene madzi ake amathira m'nyanja yomweyi. Chambo ndi chachibale cha nsomba imeneyi. Zimene zinachitika ku Kariba zikhoza kuchitikira chambo, ndipo nsomba siifunsidwa pasipoti.

Kunena za mpasa, ndalama zimene zingamangire matanki zipite kaye kumtsinje. Bua akusungabe nsombayi makamaka chifukwa chigawo chake cha kumunsi chimadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, momwe mitengo ikadali chiimire. Koma madzi ake amachokera kutali, ku Mchinji, n'kudutsa minda ya fodya ndi chimanga ya ku Kasungu ndi Dowa. Mlimi wa kumeneko akasiya mpata wosalima m'mbali mwa mtsinje, wathandiza mpasa kuposa thanki lililonse. Mafumu ndi makomiti a asodzi atseke pakamwa pa mitsinje nyengo yokwera nsomba, ndipo asodzi otaya phindu pa miyezi imeneyo athandizidwe, chifukwa lamulo losaganizira mimba ya msodzi limathyoledwa usiku. Kuswetsa kukhale njira yomalizira, mtundu ukafika pakamwa pa imfa, ndipo makolo ake atengedwe mumtsinje womwewo.

Ana ambiri a kuno ku Harare amadziwa mayina ochepa chabe a nsomba, chifukwa pamsika pamafika mitundu yochepa. Agogo anga ankatchula mpasa, sanjika, ntchila, kampango ndi chambo monga munthu atchulira abale ake. Inu a ku Nkhotakota, a ku Salima ndi a ku Karonga, amene mukuionabe mitsinje imeneyi ndi maso, tiuzeni: kodi chaka chino mpasa zakwera?