Madzi salemera ku Cape Town kokha

Anyamata athu akabwera kuchokera ku Joni sasowa nkhani. Wina wa kwa Mkhumba konkuno adandionetsa zithunzi za Two Oceans Aquarium, chinyumba choonetseramo nsomba chomwe chidatsegulidwa mu 1995 m'mbali mwa nyanja yamchere ku Cape Town. Anthu amangoima n'kumaonera shaki zikusambira kuseri kwa galasi. Iye ankagoma ndi nsombazo. Ine ndidagoma ndi khomalo.

Taganizani, abale. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Thanki ya malita 1,000 ndiye kuti ndi matumba 20 a chimanga. Komanso madzi sangokhala phee, amakankha khoma, ndipo pansi ndi pomwe amakankha kwambiri. N'chifukwa chake injiniya asanalole kuti khasu ligwe pansi amayamba wayeza nthaka ndi kuwerengetsa kuchindikala kwa khoma ndi galasi. Mchere nawo ndi mdani. Ukafika pa zitsulo za m'kati mwa konkire zimachita dzimbiri, zimafufuma, konkire n'kung'aluka. Ndiye amazikuta ndi konkire wochindikala.

Ngakhale kumene kuli akatswiriko zimavutabe. Pa 16 Disembala 2022, chithanki cha nsomba cha AquaDom mumzinda wa Berlin chidaphulika, malita pafupifupi 1 miliyoni n'kukhuthukira mumsewu.

Tsono ife a ku Phalombe tilibe shaki, koma mphamvu ya madzi sitichita kumva kwa anthu. Mu Malichi 1991 napolo adatsika m'phiri la Michesi ndi miyala, n'kukokolola anthu ndi midzi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adatiliritsanso. Chondidabwitsa n'chakuti matope akangouma timamanganso pomwepo, mwakale momwe. Njerwa ndi zootcha, inde, koma zomangira dothi. Maziko safika ndi m'bondo momwe. Madzi a padenga amagwera patsinde penipeni pa khoma. Kasimenti komwe tapeza timakathera kupaka chipupa chakumaso kuti odutsa pamsewu atitame.

Wina anena kuti simenti yakwera mtengo. Zoona, ndipo palibe khoma lomwe lingaimitse napolo. Pamenepo mankhwala ndi kuchoka m'njira yake basi. Koma nyumba zambiri sizigwa ndi miyala ya m'phiri. Zimagwa chifukwa tsinde lanyowa masiku angapo, dothi n'kusungunuka.

Ine ndikuti matumba ochepawo apite pansi, ku maziko ndi mizere yoyamba ya njerwa. Nyumba ikwezeke, pulasitiki ayalidwe pamwamba pa maziko, denga litulukire kunja, ngalande ikumbidwe kumtunda kwa nyumba. Akhonsolo nawonso asamangotolera ziphaso pamsika. Atumize wodziwa zomangamanga tsiku la msika kuti akhale pansi ndi amisiri athu a m'midzi, ndipo zichitike mu Julayi kapena Ogasiti, anthu akuumba njerwa.