Tisanasirire Tikal, Tikwere Kaye Chikala

Ambirife tinaonapo zithunzi za Tikal pa foni: mzinda wakale wa anthu a mtundu wa Maya ku Guatemala, akachisi amiyala atasuzumira pamwamba pa mitengo ya m'nkhalango. Eni ake anausiya cha m'ma 900, thengo n'kuumeza. Lero alendo amaoloka nyanja kukauona, ndipo UNESCO inauika pamndandanda wa malo otetezedwa mu 1979. Ife timangosirira, n'kumati kwathu kuno zotere kulibe.

Ine ndikukana. Mukachoka ku Balaka n'kuoloka Shire pa Liwonde, mwafika ku Machinga, komwe kuli mapiri a Chikala. Kumeneko kunali linga la Kawinga, mfumu ya Chiyao yomwe inalimbana ndi asilikali a atsamunda mpaka mu 1895 pomwe anailanda malowo. Si nkhani yokoma yokhayokha, chifukwa mulinso malonda a akapolo. N'chifukwa chake iyenera kumvedwa yonse.

Kusiyana kwake n'koti Amaya ankamanga ndi miyala, mbiri yawo n'kuizokota pamiyala pomwepo. Makolo athu ankamanga ndi mitengo, dothi ndi udzu, ndipo chiswe ndi mvula zinamaliza kalekale. Chatsala ndi phiri, manda, mayina a malo, ndi zomwe agogo anamva kwa agogo awo. Mwala umadikira zaka 1,000. Gogo sadikira. Nkhalango nayonso sikudikira: taonani matumba a makala m'mbali mwa msewu wa Liwonde kupita ku Zomba.

Wina anena kuti wophunzira wodalira ngongole ya boma alibe ndalama yoyendera. Zoona, thumba n'lopyapyala. Koma Chikala safuna pasipoti. Anthu asanu mutasonkherana ya minibasi ndi kabaza, mwafika. Anzathu a ku UNIMA ndiye alibiretu chowiringula, Zomba ndi pakhomo.

Kungoti tisapite ngati ojambula zithunzi chabe. Tiyambire kwa amfumu, tipereke moni, ngakhale wa Chiyao chothyokathyoka. Titenge wotiperekeza wa m'mudzi momwemo ndipo timulipire. Tipemphe chilolezo tisanajambule mawu a akuluakulu. Kumanda tisalowe popanda eni ake. Amene mukusowa mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza, nawu.

Tikachedwa, mbiri ya Chikala tidzaimva kuchokera mbali imodzi yokha: m'mabuku a amene anakwera phirilo ndi mfuti.