ZA UMOYO: Khadi la NHIMA ndi Cilonda ca M'kamwa

Cilonda ca m'kamwa cimene catha masabata atatu cosapola siciyenera kuyesedwa ca masewera. Cimodzimodzinso mau osasa amene sakubwerera mwakale, cotupa m'khosi, kapena kubvutika pomeza nsima. Nthawi zina izi ndizo zizindikiro za khansa ya m'kamwa ndi pakhosi, nthenda imene imakonda anthu osuta fodya ndi akumwa kacasu, ngakhale kuti kacirombo ka HPV nakonso kamaiyambitsa.

Khansayi ikapezeka idakali yaing'ono, madokotala akhoza kuidula kapena kuiocha ndi ceza ca makina, munthu nkucira. Ikafalikira m'khosi monse ciyembekezo cimacepa, ndipo wodwala amayamba kulephera kudya ndi kulankhula komwe.

Apa ndi pamene inshuwalansi ikhudzira moyo wa munthu. Boma linakhazikitsa lamulo la National Health Insurance mu 2018, ndipo bungwe la NHIMA linayamba kulandira zopereka mu 2019. Wolembedwa nchito amadulidwa 1 peresenti pa malipiro ake, womulemba naonjezapo 1 peresenti. Ndalamazo zimapita zokha iye asanazigwire. Koma mai wogulitsa tomato ku Kanyama, kapena wophwanya miyala ku Kalingalinga, alibe womudulira. Ayenera kudzilembetsa yekha ndi kumalipira mwezi ndi mwezi, ndipo unga ukatha m'nyumba, ndalama imeneyo ndiyo yoyamba kuiwalika.

Kuonana ndi a zaumoyo pa kiliniki ya George kapena ya Mtendere kulibe malipiro. Bvuto lili patsogolo. Kanyama kodulidwa pacilondapo kayenera kupimidwa, khosi liyenera kujambulidwa, ndipo pokhapo wodwala angayambe kulandira cithandizo ku Cancer Diseases Hospital, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 2007 pafupi ndi UTH. Mzere wa zopimazo ukatalika, wokhala ndi khadi akhoza kukapimidwa kwina kumene NHIMA inabvomereza. Wopanda khadi amabwerera ku Chawama kapena ku Matero kukadikira kuti abale asonkhe, pamene cotupa cikukulirakulira. Khadi silicotsa mzere wa ku cipatala ca khansa, koma limamufikitsa munthu pamzerepo msanga, nthenda isanazike mizu.

Okalamba opitirira zaka 65 lamulo linawakhululukira zopereka, komabe ayenera kulembetsa maina ao, atanyamula citupa cao ca NRC.