CITUMBUWA NDI TIYI SIZIKWANIRA MWANA M'MAWA

Makolo anzanga a m'Nabvutika, sabata ino tikambirane za zitumbuwa, zimene kuno timati vitumbuwa. Amene ayenda m'komboni m'mamawa adziwa mmene zikhalira. Mbaula yayaka, saladi iwira m'ciwaya, ana aima pamzera ndi tindalama m'manja. Citumbuwa cimodzi ndi kapu ya tiyi wopanda mkaka, basi wamkulu apita ku sukulu, wamng'ono atsala pakhomo kudikira nsima ya masana.

Ku sikelo ndikafunsa kuti mwana wadya ciani lero, kawirikawiri yankho ndi lomwelo: citumbuwa ndi tiyi. Amai ena anabwera ndi mwana wa caka ndi theka amene mzera wa pa kadi yake sunakwere kwa miyezi itatu. Analibe malungo, sanali kutsegula m'mimba. Anali kukhuta tsiku ndi tsiku, koma kukhuta fulawa, shuga ndi mafuta. Zimenezi zipatsa mphamvu ya kanthawi, koma zomanga thupi mulimo zocepa kwambiri. Tiyi nayenso acepetsa ayironi amene thupi litenga ku cakudya, ndipo ayironi ndiye athandiza kupanga magazi.

Kafukufuku wa zaumoyo wa m'caka ca 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 alionse osafika zaka zisanu m'Zambia anali opinimbira, ndiye kuti msinkhu wao sunali kulingana ndi zaka zao. Cimene cindiwawa ine ndi ici: cigawo cathu ca Kum'mawa ndico cilima nshawa zambiri m'dziko muno. Tiri ndi Chalimbana, ndipo mbeu monga MGV4 ndi MGV5 zinacokera pa Msekera pompano. Koma nshawa zathu zikwera malole, ana athu natsala ndi fulawa.

Sindikuti lekani kugula zitumbuwa ai. Amai amene azigulitsa alipira lendi ndi kugula mayunifomu ndi ndalama yomweyo, ndipo inenso ndimagula ndikacoka ku nchito ya usiku. Cimene ndipempha ndi cakuti masiku awiri kapena atatu pa sabata muphike zanu panyumba, zija zaphanthiphanthi zimene ena amati mapankeki, zosamiza m'mafuta.

Tengani kapu imodzi ya ufa wa rola kapena mgaiwa, kapu imodzi ya fulawa ndi theka la kapu ya nsinjiro. Swerani dzira limodzi. Phwanyani nthoci ziwiri zakupsa kwambiri, zija zakuda makoko zimene atsitsa mtengo madzulo ku Kapata. Ikani soda kunsonga kwa kasupuni, ndi madzi kapena mkaka kufikira zitakhala ngati phala lolimbirako. Pakani saladi pang'ono m'ciwaya, thirani cipande cimodzi, ndipo pakayamba kuoneka timaenje pamwamba, tembenuzani. Nthoci zikakhala zotsekemera simufunanso shuga. Nthawi ya kandolo, wophika uja wofiira m'kati alowa m'malo mwa nthoci, ndipo ali ndi vitamini A wambiri.

Ena adzati shuga wathu ali kale ndi vitamini A. N'zoona, anayamba kuikamo m'caka ca 1998. Koma cimeneco si cifukwa cothirira masupuni anai m'kapu ya mwana.

Za mcere ziphikidwa cimodzimodzi, kungocotsa nthoci. M'malo mwake ikani anyezi ndi ciwawa coduladula bwino, ndipo ngati pali kapenta, kazingani pang'ono, sinjani, sakanizani. Kapenta wosinja adyedwa ndi mafupa omwe, ndiye ubwino wake. Ndiwo zamasamba zotsala dzulo zilowanso, malinga mwaziwiritsanso bwino. Abambo amene ticiza BP ndi shuga, izi zikuyenerani kuposa zomiza m'mafuta amene ada bii cifukwa cowiritsidwa kambirimbiri. Koma dzanja la mcere licepe. Munthu wamkulu asapitirire kasupuni kamodzi ka mcere pa tsiku lonse, kuwerengera ndi wa m'ndiwo.

Pa nsinjiro ndicenjeze. Nshawa zacuku, zofota kapena zowawa ziri ndi poizoni wochedwa aflatoxin, amene aononga ciwindi pang'onopang'ono, ndipo kukazinga sikumucotsa. Ambiri mukumbukira kuti mu August 2024 Unduna wa Zaumoyo unalengeza za poizoni yemweyu m'ufa wina wa cimanga. Sankhani nshawa imodzi-imodzi musanasinje, zoipa mutaye, osati kusungira ana. Ndipo mwana wamng'ono musampatse nshawa zosasinja, zingamtsamwe.

Mimba ya mwana wa caka cimodzi ndi yaing'ono. Afunika kudya katatu kapena kanai pa tsiku, ndi kacakudya kena pakati, uku akuyamwabe. Mpatseni mbale yakeyake kuti muone cimene wadya, cifukwa m'mbale ya onse akulu amtsirizira. Mwana wa amai aja anayamba kukwera sikelo mwezi waciwiri atayamba kuika nsinjiro ndi dzira m'phala ndi m'zitumbuwa za panyumba. Ndalama imene anali kugulira zitumbuwa m'mawa ndiyo inagula mazirawo.

Tsiku la sikelo likafika, bwerani ndi kadi ya mwana, ndipo funsani anamwino akuonetseni kumene mzera wake upita.